Mapini m'kamwa mwa atelala

M'chipinda cha kutsogolo kwa nyumba ina makina osokera ankayamba kulira anthu ena asanasukusule. Mwini wake, atelala, anali bambo wa manja achangu koma wosadziwa kudikira. Madzi akachedwa kuwira ankawakalipira. Mwana wawo mmodzi yekhayo, amene ankamutcha Gulugufe chifukwa chokupiza manja akasangalala, anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, koma mawu ake anali owerengeka ndipo zovala ankachita kumuveka. Sukulu ya pafupi inamusungira malo, koma ahedi sanabise mawu: mwanayo ayambe wadziwa kudzimangira mabatani, pakuti mphunzitsi mmodzi sangaveke kalasi yonse ana akamasintha zovala pochokera kumasewera.

Mayi ake a Gulugufe anapeza mphunzitsi wina wamkazi wodziwa kuphunzitsa ana otere, ndipo ankabwera masana. Iye anaiduladula ntchito yomanga batani m'tizigawo: kuligwira, kupeza bowo, kulowetsa, kukokera kunja. Poyamba ankachita yekha zonse n'kumusiyira mwana kachigawo komaliza. Gulugufe akakoka batani, pomwepo ankamuyamikira n'kumupatsa kansalu kofewa kamene ankakakonda. Kenako anamusiyira tizigawo tiwiri. Asanamuthandize, ankayamba wakhala duu, manja ali pamwendo. Papepala ankachonga padera pamene mwana wachita yekha, padera pamene wathandizidwa.

Atelala zinawanyong'onya. "Aphunzitsi, kodi mwabwera kudzaphunzitsa kapena kudzapuma?"

"Ndikufuna ndione zimene akudziwa payekha, bambo," anayankha mphunzitsiyo. "Tikamuthandiza msanga, ndiye kuti tikuyeza wothandizayo, osati mwana."

Atelala anangogwedeza mutu, n'kuyamba kumuphunzitsa okha m'mawa uliwonse. Kumugwira dzanja sankamugwira, poti analetsedwa. Koma pakamwa ndiye panalibe mlonda. Mwana akangoima pang'ono, iwo ankati, "Eya!" Gulugufe n'kulowetsa batani. Akaimanso, "Eya!" iye n'kukoka. Malaya ankamangika mwachangu, atelala n'kumauza aliyense wobwera kudzayesa suti kuti mwana wawo watha sukulu ya mabatani.

"Akakhala ndi ine akufunabe thandizo pa mabatani ambiri," anatero mphunzitsi uja atamva. "Mungandilole ndidzaonere m'mawa umodzi?"

"Mayi, mabatani ndinayamba kusoka inu musanabadwe. Vuto ndi pepala lanulo, osati mwana wanga."

Ndipo osauza munthu, atelala anapita kwa ahedi kukapempha kuti mwana akamuyese sabata yomweyo.

Tsikulo makolo anaima panja, akusuzumira pawindo. Ana anavula zamasewera, navala malaya, n'kuthamangira m'kalasi. Gulugufe anagwira batani loyamba bwinobwino, naliika pakamwa pa bowo, n'kuima. Maso ake anali pakhomo. Anaima choncho mpaka chipinda chinatsala ndi iye yekha, kenako anayamba kulira. Atelala mtima unawapweteka ngati wabayidwa ndi singano yawo yomwe. Ahedi anati abwerenso teremu yotsatira ikatsala pang'ono kutsegulidwa, ndipo zikadzakanikanso malowo adzapatsa mwana wina.

Atafika kunyumba, akazi awo anawafunsa motsitsa mawu: "Bambo a Gulugufe, mwanayu mwamuphunzitsa kumanga batani, kapena kudikira 'eya' wanu?"

Pano ndiyenera kuwatamanda atelala, pakuti amuna ambiri akadaloza chala sukulu. Iwo anakamutenga okha mphunzitsi uja m'mawa mwake, n'kumupatsa mpando kuti aonere. Ataona, mphunzitsiyo sanawanyoze.

"Zala zake zikuidziwa ntchito, ndipo wamuphunzitsa zimenezo ndi inu. Chatsala n'kuwachotsa mawu anuwo pang'onopang'ono. Lero muwanong'one. Mawa muyambe mwadikira musanawanene. Kenako muwameze."

Kunong'ona anakwanitsa. Kudikira ndiye kunali nkhondo: "eya" ankangothawa yekha ngati chitsokomolo, ndipo mphunzitsi ankachonga kuti mwana wathandizidwa, osawachitira chifundo. Tsiku lina atelala anatapa mapini patebulo n'kuwaluma, monga amachitira akamayesa diresi pathupi pa kasitomala. Munthu woluma mapini salankhula. Anakhala pampando moyang'anizana ndi mwana wawo, thukuta lili kamukamu.

Gulugufe anagwira batani, n'kuima. Anayang'ana bambo ake. Anayang'ana mapini aja. Kunja galimoto inadutsa, kukhitchini ketulo inayamba kulira, koma palibe amene anasuntha. Kenako mwana anaweramitsa mutu, nakankha batani ndi chala chachikulu, n'kulikoka. Anatsikira pa lachiwiri osayang'ana munthu. Mphunzitsi anamuyamikira pomwepo, ndipo atelala analavulira mapini m'manja, misozi ili mbwembwembwe, osachita nayo manyazi.

Sizinatheke tsiku limodzi. Masiku ena mwana ankabwerera m'mbuyo, koma mbali ya "wachita yekha" inkadzaza ndithu. Mphunzitsi anamuyesanso ndi malaya ena, m'chipinda china, bambo ake kulibe, ndipo atakhutira anati tsopano apite kusukulu akayesedwenso.

Ulendo wachiwiriwu atelala sanayandikire n'komwe windo, anakaima kugeti. Patapita nthawi chitseko chinatseguka, ndipo ahedi anatuluka atamugwira Gulugufe dzanja. Malaya ake anali omangidwa kuyambira m'khosi mpaka m'munsi, batani limodzi litalowa bowo lolakwika. Ahedi anati malo ndi ake. Atelala, amene moyo wawo wonse sanalolepo chovala chokhota kutuluka pakhomo pawo, sanalikonze batani lija. Anayenda naye choncho mumsewu wonse, chifuwa chili patsogolo.

Inu amene mumathamangira kumalizira mwana chilichonse, dziwani kuti zimene angathe simudzaziona manja ndi pakamwa panu zili pa ntchito. Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.