Masokosi Achikasu a Mayi Hrynko

Mwezi wa Januwale chaka chimenecho, okalamba khumi ndi anayi anagwa m'nyumba yowasamalira ya m'katauni kena ku Manitoba, kutsidya kwa nyanja, kumene chisanu chimafika pachimake mu Januwale. Mayi Darlene Hrynko, namwino wamkulu wa nyumbayo, mtima sunakhale m'malo, pakuti m'chipinda chachitatu munkakhala bambo awo owabereka, a Orest. Mayiwo anaitanitsa masokosi achikasu okhala ndi timphira kuphazi kuti asamaterere, n'kuveka aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe.

Mu Malichi anagwa asanu ndi atatu. Mu Meyi, atatu okha. Mayi Hrynko anajambula mzere wotsetsereka papepala lalikulu n'kulimata pachitseko cha chipinda chomwera khofi.

Lachinayi lililonse kunkabwera a Wendell Friesen, katswiri wa ziwerengero amene ankadzaona malipoti a nyumbayo, munthu wofulumira kufunsa koma wochedwa kuvomera. Anaima papepalapo mpaka khofi wawo anazizira.

"Mzerewu wakongola, a Darlene. Nanga zaka zisanu zam'mbuyozi mwazisiya kuti? Chaka chilichonse chimfine chikafika, agogowa miyendo imafooka, amagwa. Kukayamba kufunda, kugwa kumachepa. Chaka chatha kunachepanso, masokosi anuwa asanabadwe."

"Ndiye mukuti sagwira ntchito?"

"Sindinatero. Ndikuti sitikudziwa. Mwayambira mwezi woipitsitsa. Pamenepo ngakhale mukanawaveka zipewa, mzere ukanatsika basi. Dikirani Januwale wina adutse, tiyerekeze chisanu ndi chisanu chinzake."

"Inu a Wendell, nyumba itamapsa mukhoza kuyamba mwawerenga malawi."

"Ndikhoza kufunsa kaye ngati imapsa chaka chilichonse."

Mayi Hrynko anali munthu wabwino, koma akagwira chinthu ankakakamira ngati nkhupakupa. M'nyumbamo munali chizolowezi chakale: m'mawa uliwonse anamwino ankayendetsa okalamba m'khonde kwa theka la ola, kuti miyendo isaiwale ntchito yake. Anamwino ankadandaula kuti zimenezi zimawachedwetsa kusambitsa anthu ndi kugawa mankhwala. Mu Juni Mayi Hrynko anazithetsa. Masokosi alipo, kuyenda n'kwachiyaninso?

"Mwanawe," anatero a Orest, "inetu ndinazolowera kukafika pawindo lija kukaona malole a tirigu."

"Pumulani, bambo. Mwayenda mokwanira pamoyo wanu."

Miyezi yotentha inadutsa bwino, monga imadutsira chaka chilichonse. Kenako chisanu chinabwerera, chimfine n'kulowa osagogoda. Chinapeza miyendo imene inatha miyezi isanu ndi umodzi ili pampando. Mu Januwale anagwa khumi ndi asanu ndi awiri. Mmodzi mwa iwo anali a Orest, amene anadzuka okha masana kuti akaone windo lawo, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Powanyamula pamachira, mapazi awo anatulukira kunsi kwa bulangete, onse awiri achikasu.

Mayi Hrynko analira, ndipo manyazi anawawawa kuposa chisoni. Lachinayi anamatula pepala lija n'kuliika m'manja mwa a Wendell.

"Nenani tsono kuti munandiuza."

"Mwezi umodzi sunena zonse, ngakhale unowu," anatero a Wendell. "Mwina masokosi amathandiza pang'ono. Mwina kuyenda ndiko kunkathandiza. Mwasintha zinthu ziwiri m'chaka chimodzi, ndiye kuzilekanitsa kuvuta. Bambo ali bwanji?"

"Akufunsa za windo."

Sabata yomweyo okalamba anayambiranso kuyenda m'khonde. Pachitseko paja pali pepala latsopano, mzere wake ukuyambira zaka zisanu m'mbuyo, ukukwera ndi kutsika ngati mizere ya m'munda, ndipo palibe amene akuimba nawo nthungululu. A Orest pawindo amafikabe m'mawa uliwonse, koma pachikuku, mwana wawo akukankha. Mayi Hrynko akanadikira chisanu chimodzi chokha asanathetse kuyenda kuja, bwenzi nkhalambayo ikupita ndi miyendo yake. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.