Nsalu Imodzi, Mapewa Atatu

Kalekale, koma osati kale la makolo, pa yunivesite ina panali mtsikana dzina lake Mwandida. Anapita kukaphunzira zamalamulo chifukwa bambo ake ndiwo anafuna. Chaka chisanathe analephera mayeso, nalongedza katundu kuti azibwerera kwawo ku Ntcheu.

Akudikira minibasi pachipata, ankang'ung'udza kanyimbo kuti asalire. A Nabengo, mphunzitsi wa nyimbo, podutsa anaima.

"Mwana iwe, mawu amenewa ukupita nawo kuti? Tula chikwamacho. Mawa ndikupeze m'kalasi mwanga."

Anamulankhulira kwa akuluakulu mpaka analoledwa kusintha maphunziro. Kuyambira pamenepo Mwandida ankalawirira yekha kukalasi, popanda womukankha.

Atayamba kutchuka, matama anamulowa. Mnzake akaphonya nyimbo, iye ankaseka mokweza. Tsiku lina a Chiphwanya, ophunzitsa kwaya, anamutsitsa pa utsogoleri wa kwayayo pamaso pa onse, namupatsa chisekese.

"Kakhale kumbuyo uko. Pakamwa uli napo, makutu ulibe."

Teremu yonse Mwandida anawada a Chiphwanya. Koma kumbuyoko ndi kumene anamva koyamba kuti mawu a anzake aja ndiwo ankanyamula ake. Anawapepesa mmodzimmodzi.

Chaka chachitatu bambo ake anamwalira asanamukhululukire za kusiya zamalamulo. Pamaliro Mwandida sanagwetse msozi, ndipo atabwerera kusukulu mawu ake anauma. Tiferanji, mnzake woimba bangwe, mmodzi wa omwe Mwandida ankawaseka aja, sanamulangize kanthu. Ankangobwera masana ndi bangwe wake, kumaimba nyimbo yosamaliza.

"Ndime yomalizayi yandikanika, asisi. Tandithandizani."

Mwandida poyesa, anangozindikira watchula dzina la bambo ake. Analira mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mawu anabwerera. Tiferanji, chifukwa chojomba m'kalasi masiku amenewo, anabwereza chaka.

Tsono pasukulupo panali mwambo: wophunzira wopambana onse pa mayeso omaliza oimba ankapatsidwa nsalu yoti afunditse munthu mmodzi yekha amene anamuumba. Pa chaka chake chomaliza, Mwandida ndiye anapambana.

Anaima kutsogolo, nsalu ili m'manja, holo itadzaza. A Nabengo ankamwetulira, atakonza kale mapewa. A Chiphwanya, omwe anali atapuma ntchito chifukwa cha matenda, anazolika atatsamira ndodo. Tiferanji anali chakukhomo, akuomba m'manja kuposa aliyense.

Mutu wa Mwandida unaima. Pakadapanda a Nabengo, bwenzi ali kumudzi. Komatu iwo anangotola chimene chinalipo kale. A Chiphwanya anamusandutsa munthu, koma kodi chinali chikondi, kapena mkwiyo chabe umene unangobala zabwino? Nanga Tiferanji, amene sanali mphunzitsi n'komwe, koma anataya chaka chathunthu? Anaponda phazi kulowera kumanja, nabwerera. Anafunsa monong'ona ngati nsaluyo angaing'ambe patatu.

"Mwambo sulola, mwanawe," anatero woyendetsa mwambo. "Sankha mmodzi. Anthu akudikira."

M'manja muja munasiya kuombedwa. Mwandida anali chiimire, thukuta likunyowetsa nsalu.

Ine ndalekera pomwepa, mlanduwu ndautula kwa inu. Mukadakhala Mwandida, mukadafunditsa yani: amene anamupatsa chifukwa chodzukira m'mawa, amene anamuthyola matama, kapena amene anamumasula misozi?