Nthenga Zinalemera ku Biratnagar

"Utsike msanga, udzakhale kwathu sabata yathunthu. Amayi azidzakuphikira, ine ndizidzakuonetsa bwalo."

"Bwalo? Iwe Urmila, mizere ya kwanu ndi yokhota kodi?"

Anali m'kanyumba ka tiyi kuseri kwa holo ya masewera ku Kathmandu, mzinda wa kumapiri, maraketi ali pamiyendo. Wonyozayo anali Samjhana, mtsikana amene pa badimintoni anali asanagonjepo mumzindawo. Mpikisano wosankha woimira dziko unali pafupi. Malo anali amodzi okha, ndipo chaka chimenecho mpikisanowo unkachitikira kuchigwa, ku Biratnagar, kwawo kwa Urmila.

"Palibe chimene ukufuna kundifunsa za kwathu, mnzanga?"

"Chilipo. Udzudzu wa kwanu umaluma alendo okha?"

Urmila anangomwa tiyi wake.

Samjhana anafika ku Biratnagar madzulo, m'mawa mwake n'kulowa m'bwalo. Oyambirira anawagonjetsa ndi dzina lokha. Pomaliza anakumana ndi Urmila.

Luso la Samjhana linali limodzi: kukweza kampira ka nthenga m'mwamba kuti kakagwere pa mzere wakumbuyo penipeni. Kwawo ankatero ngakhale atatsinzina. Koma taonani ndagi yake. Dzanja lomwelo, raketi yomweyo, nthenga zomwezo, komabe kampira kankatopera m'njira n'kutsikira pakati pa bwalo, pomwe Urmila ankakadikira ngati bango lakupsa.

Samjhana anasintha raketi. Anayang'ana zingwe. Anamanganso nsapato, ngati kuti mlandu unali kumapazi. Atawonjezera mphamvu mwaukali, kampira kanapitirira mzere. Zonse anazikayikira kupatula chimene ankapuma. Mpweya wa kumapiri ndi wopepuka, nthenga zimangodutsa. Wa kuchigwa umazikoka ngati mwana wokakamira nsalu ya sari ya mayi ake. Urmila, amene anakulira kuchigwa n'kuphunzirira kumapiri, ankadziwa kuti dzanja limafuna masiku kuti lizolowere.

Pamene Samjhana anayamba kumvetsa, masewera anali atatha. Malo aja anapita kwa Urmila.

Anakhala pabenchi limodzi, thukuta likuuma. Urmila anamupatsira botolo la madzi.

"Unkadziwa," anatero Samjhana motsitsa mawu.

"Ndinkadziwa."

"Nanga osandiuza bwanji? Ndimayesa ndife abwenzi."

"Ndinakuitana kwathu, iwe unandiuza za udzudzu." Urmila anatseka chikwama chake pang'onopang'ono. "Safunsa anadya phula, mchemwali. Kodi unandifunsa?"