Mapolo a Ndaziona Akazikidwe Kuti?

Kalekale, pasukulu ya Mtengowagwa m'boma la Dedza, panali mtsikana wamtali ngati nsungwi, dzina lake Ndaziona. Pasukulupo panalibe timu ya mpira wamanja, ngakhale mapolo ogoletsera omwe.

Mayi Nkhata, mphunzitsi wake, anamuona akugenda mango osaphonya. Anamangirira limu ya njinga pamtengo n'kumamuponyetsa mpira wamapepala mpaka mikono kuwawa. Ankati, "Mwana iwe, manja akowa si a khasu lokha ayi."

A Phalula, ahedi, anaona kuti lusolo lifera pomwepo, ndipo anaganiza zomusamutsira kusukulu ina ya ku Ntcheu. Makolo a m'komiti anakana kwamtuwagalu: "Mwana wathu tikapereke ku Ntcheu? Ndiye ife titchuke ndi chiyani?" Koma mkuluyo anapalasa njinga mpaka ku maofesi a maphunziro a maboma onse awiri, ndipo sanatope kufikira atamulola mtsikanayo kusamukira pasukulu ya Nsanjiko ku Ntcheuko, kumene kunali timu.

Kumeneko Mayi Gomani, kochi, anamusunga m'nyumba mwawo. Ndaziona ankangothamanga ndi mpira ngati wakuba nkhuku, wezulo n'kumangolira. Mayiwo anamuphunzitsa kuima nji akaugwira, mpaka mapaziwo anamva.

Tsiku la ndime yomaliza ku Lilongwe, abale inu, mukanaona! Zigoli zili zofanana, nthawi itangotsala pang'ono kutha, Ndaziona anaponya ali patali, mpira n'kulowa osakhudza chitsulo n'komwe. Nthungululu, fumbi koboo! A Phalula anavina mpaka nsapato kuvuka. Chikho chinapita ku Nsanjiko.

Apo mlendo wolemekezeka, akuloza lole imene inanyamula mphatso, anati, "Mapolo atsopanowa ndi mipira yake akazikidwe pasukulu yake ya mtsikanayu." Anakwera galimoto, uyo wapita, osanena kuti sukulu yakeyo ndi iti.

Mayi Gomani anati, "Yunifolomu wavalayi ndi ya kuti? Mapolo athu aja anadyeka ndi chiswe, chaka chamawa chikhochi tichiteteza bwanji?"

Mayi Nkhata anati, "Inu mwatenga kale chikho. Kwathu kuli atsikana ena ataliatali, kodi onsewo tizingowasamutsa?"

A Phalula anati, "Ine ndinangobwereketsa mwana, sindinapereke."

Onse anatembenukira kwa Ndaziona. Mtsikanayo, thukuta lachipambano lisanaume, misozi inalengeza, pakuti onsewo ankawakonda. Dalaivala wa lole analiza hutala: "Akuluakulu, katunduyu ndikatsitse kuti?"

Tsono inu mwamvanu, muyankheni dalaivalayo. Sukulu yake ya Ndaziona ndi iti: imene inamutulukira n'kulolera kumutaya, kapena imene inamusula mpaka kupambana?