Matayala Awiri ndi Mbuzi ya Apongozi

Panali munthu wina kumapiri a ku Dedza amene anali ndi pikapu yakale. Anthu ankamutchula kuti bambo a Lonjezo. Galimotoyo ndiyo inali khasu lake. Inkanyamula mbatata ya kachewere ndi kabichi kupita kumsika, inkanyamula odwala, ndipo pakagwa maliro inkanyamula bokosi. Injini inali ikadali ndi mphamvu. Chimene chinatha ndi matayala. Awiri anali atasalala ngati dazi, lina mpaka mawaya ankasuzumira. Awiri enawo anali ndi timizere totsalira, toti munthu n'kuyenda nato kukakhala kouma.

Munthuyu anali mkamwini. Anamanga nyumba pamudzi wa mkazi wake, ndipo kuseri kwa nkhokwe kunali nyumba ya apongozi ake aakazi, mayi wamasiye wosalankhulalankhula. Awiriwa ankapatsana ulemu wachikale uja. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Sankadyera pamodzi, sankayang'anana kumaso, ndipo mawu awo ankadzera mwa mayi a Lonjezo, ngakhale onse atatu atakhala pabwalo limodzi. Chotero pa ulendo uliwonse apongoziwo sankakwera kutsogolo. Mwana wawo akawakakamiza, ankangoyankha kuti, "Ine ndikakhale phewa ndi phewa ndi akamwini? Iyayi, ndikwera kumbuyo." Ndipo ankakweradi kumbuyo, n'kukhala pathumba la mbatata, dzanja litagwira chitsulo.

Musaiwale pamene ankakhalapo mayi amenewa, chifukwa nkhani yonse ili pomwepo.

Chaka chimenecho mbatata inachuluka kumsika ndipo mtengo unagwa. Bambo a Lonjezo atachotsa za mafuta, za feteleza ndi za sukulu, zimene zinatsala zinali zokwana tayala limodzi lokha. Mvula inali pafupi. M'mawa uliwonse ankagwada pabwalo, kupopa apa, kumata apo, akudziwa mumtima kuti akungonyengerera zinthu zakufa kale.

Apongozi ankaona zonsezi ali pakhonde pawo. Iwo anali ndi mbuzi imodzi, yaikazi, yakuda ndi banga loyera pamphumi. Ankaisunga kuti idzawathandize pa tsiku loipa. Tsiku lina anaikoka okha kupita nayo kumsika, ndipo anabwerako ndi chingwe chokha. Anaitana mwana wawo, n'kumupatsa kansalu komanga mfundo.

"Kawapatse akamwini," anatero. "Uwauze kuti galimoto ija imanyamula anthu."

Bamboyo anachita manyazi, koma analandira. Anaphatikiza ndi zake zija, n'kupita kutawuni.

Kumene amagulitsa matayala anapeza milu itatu. Wogulitsa anayamba kumuonetsa mulu wa kaunjika, matayala oti anayendapo kale kumayiko ena. Anali akuda bii, onyezimira, mizere yakuya.

"Awa ndiye anu, achimwene," anatero wogulitsayo. "Ndalama yanuyo mutenga anayi onse, galimoto ichoke pano ngati mkwatibwi."

Koma bambo a Lonjezo sanali munthu wopusa. Anapaka chala pa limodzi, chala chinada ndi polishi. Analifinya m'mbali, ndipo panatseguka timing'alu ngati chidendene cha m'chilimwe. Anayang'anitsitsa mizere ija, n'kuona kuti wina anachita kuigoba ndi mpeni wamoto kuti ioneke yakuya, moti pansi pake ulusi unatsala pang'ono kutuluka. Anapukuta chala pathalauza n'kusuntha.

Mulu wachiwiri unali wa matayala a mayina otchuka. Anangofunsa mtengo wa limodzi, n'kuseka pang'ono, n'kupitirira. Ndalama yake yonse pamodzi ndi mbuzi ija zikanathera pa tayala limodzi, ndipo galimoto siyendera mwendo umodzi.

Mulu wachitatu unali wa matayala atsopano, a dzina loti sanalimvepo. Apa anakhalitsa. Anayerekeza manambala a m'mbali ndi a matayala ake akale kuti aone ngati kukula kwake kunali kumodzi. Anafunsa ngati anali onyamula katundu kapena a galimoto zazing'ono zoyendera m'tawuni. Anafunsanso kuti anapangidwa liti, pakuti tayala limakalamba ngakhale likungokhala pashelefu. Atakhutira, anatsitsitsa mtengo mpaka wogulitsa anayamba kulumbira kuti akudula khosi lake lomwe. Anagula awiri.

Mpaka apa ine ndilibe pomudzudzula. Munthu wa ndalama zochepa amagula chomwechi. Awiri enieni amaposa anayi opaka polishi, ndipo mwana wanga atandifunsa lero ndingamuuze kuti achite zomwezo.

Wogulitsa uja anabweretsa jeke ndi sipanala, n'kufunsa kuti, "Timange kuti? Ambiri a mapikapu amamanga kumbuyo. Ndiko kumalemera, ndipo kukaterera ndiko kumayamba kuthawa. Akale abwinoko awiriwa tingawaike kutsogolo."

Bambo a Lonjezo anaima, manja m'chiuno. Sanaganize choipa chilichonse. Anaganiza za nkhope ya galimoto ikamalowa pamsika, anzake onyamula katundu akuyang'ana. Anaganiza za apolisi a pamsewu, amene amayamba kuona kutsogolo. Anaganizanso kuti chiwongolero chili kutsogolo, ndipo iye mwini, ndi mkazi wake, amakhala komweko.

"Mangani kutsogolo," anatero. "Kumbuyo kumangokhala matumba."

Anatero munthu amene theka la ndalamayo linachokera m'kansalu kaja. Sikuti ankawada apongozi ake. Ankawaopa ndi kuwalemekeza kuposa akamwini ambiri amene ine ndikuwadziwa. Koma anali atazolowetsa maso ake kusawayang'ana, chaka ndi chaka, mpaka maso anazolowera kusawaona n'komwe. Akaganiza za kumbuyo kwa galimoto yake, m'mutu mwake munkabwera mbatata.

Atafika kumudzi anthu anazungulira galimoto. Ankasisita matayala atsopano aja, akadali ndi tiubweya tawo ta mphira. Bamboyo anatuma mkazi wake kukathokoza, ndi paketi ya shuga m'manja. M'mawa mwake apongozi anadutsa pafupi ndi galimoto popita kudimba. Anayang'ana kutsogolo, anayang'ana kumbuyo, n'kupitiriza ulendo wawo.

Mvula inagwa, chimanga chinamera. Kenaka kunabwera uthenga wa chinkhoswe cha mdzukulu wa apongoziwo, kuchigwa, mbali za ku Golomoti. Msewu wopita kumeneko umatsika phiri mokhotakhota. Bambo a Lonjezo anakweza matumba angapo a mbatata kuti akagulitse konko, ulendo ubweze mafuta. Apongozi anabwera ndi dengu la ufa ndi nkhuku yomanga miyendo. Kumwamba kunali kutada.

"Amayi, lero lokha khalani kutsogolo," anatero mwana wawo. "Ine ndikhala pakati. Mvula ikubwera."

"Mvula si yachilendo kwa ine," anayankha mayiwo. Anakwera kumbuyo, n'kukhala pathumba, n'kudzifunditsa pepala la pulasitiki.

Mvula inawapeza atayamba kutsika. Bamboyo sankathamanga, ndipo sanamwe kanthu. Atafika pokhota pena, pamene madzi ankadutsa pamsewu ndi dothi lofiira, anaponda buleki mofatsa, monga ankachitira nthawi zonse. Matayala a kutsogolo anagwira msewu bwinobwino. Anachita ntchito imene anawagulira. A kumbuyo sanagwire. Mbuyo ya galimoto inaterera, inazungulira ngati ikufuna kupitirira mutu wake womwe, n'kukamenya m'mphepete mwa ngalande.

Bamboyo ndi mkazi wake anatuluka opanda bala ngakhale limodzi. Atathamangira kumbuyo, anapeza mulibe munthu. Matumba anali atagwera m'ngalande, mbatata ili mbwee. Pakati pa mbatatayo panagona apongozi, thupi lonse litayera ndi ufa umene mvula inali kuusandutsa phala. Mwendo wawo unali utapindika moti munthu sangayang'ane kawiri.

Tsiku limenelo ndi pamene bambo a Lonjezo anawagwira apongozi ake koyamba chikwatirire. Analowa m'ngalande, anawanyamula m'manja, n'kuwagoneka pa udzu pambali pa galimoto. Anavula jekete n'kuwafunditsa. Anagwada, mutu wawo uli pamiyendo yake, akulira ngati mwana, pamene mkazi wake ankaimitsa galimoto zodutsa.

Mayiwo sanakuwe. Anangogona, akupuma movutika, maso atatsegula. Pamene anawagonekapo, nkhope yawo inayang'anizana ndi tayala la kutsogolo. Mvula inali italitsuka, lili lakuda, mizere yake yakuya, tiubweya tina tikadalipo m'mbali. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaitana mwana wawo. Mkamwini anali pomwepo, misozi yake ikugwera pamphumi pawo, koma ngakhale apo sanamulankhule mwachindunji.

"Uwauze akamwini," anatero motsitsa, "kuti mbuzi yanga ija ndaiona. Yakhala pabwino. Yakhala kutsogolo."

Mwana wawo sanabwereze mawuwo. Panalibe chifukwa chowabwerezera.

Mayiwo sanamwalire. Anagona kuchipatala mpaka chimanga chinacha, ndipo anatuluka ndi ndodo. Kudimba sanapitenso, ndipo khasu lawo linachita dzimbiri kuseri kwa chitseko. Chinkhoswe chija chinachitika iwo kulibe. Bambo a Lonjezo atakonzetsa galimoto, anatenga jeke yekha pabwalo, n'kusamutsa matayala aja kuwaika kumbuyo. Inali ntchito yaing'ono, yoti anaimaliza mkazi wake asanabwere kuchokera kuchigayo. Koma apongozi sanakwerenso galimotoyo. Kuyambira pamenepo kumbuyo kunkakhaladi matumba okha.

Tsono inu amene mukundimva, musachoke pano n'kumati munthu uja analakwa chifukwa anali wosauka. Kusauka kunamupatsa matayala awiri m'malo mwa anayi, basi. Sikunamuuze powamanga. Ambiri a ife tidzafa tisanagulepo anayi nthawi imodzi, ndipo palibe manyazi pamenepo. Kanani za polishi, funsani zonse zofunsa, gulani zochepa koma zenizeni. Koma mukagula, ntchito sinathe.

Chochepa chimene muli nacho sichingakwane mbali zonse. Mbali ina idzatsala yofooka, ndipo pa mbali yofookayo pamakhala munthu. Kawirikawiri amakhala uja wosadandaula, uja amakana yekha mpando wabwino, uja mumamulemekeza kwambiri moti simumuyang'ana. Mwina ndi iye amene anagulitsa mbuzi.

Akakufunsani kuti "Timange kuti?", musafulumire kuyankha. Yambani mwazungulira galimoto, mukaone amene amakhala kumbuyo.