Phungu wa Mwandida

Kalekale, koma si kale la makolo, zigayo za dizilo zikadali zachilendo m'midzi ya kuseri kwa phiri, kunali mkamwini wina dzina lake Zakeyu. Iye anamanga chigayo pamudzi pa mkazi wake, Nasoko, ndipo chinkayenda bwino. Banjali linali ndi mwana mmodzi wamkazi, Mwandida.

Mwandida anafika zaka zisanu ndi chimodzi asanatchule liwu. Akamuitana sankatembenuka, ndipo ankaswera pakhonde akundandalika zitsononkho. Chigayo chikangolira, ankatseka makutu, n'kukuwa, n'kudzigwetsa pansi. Anthu a pamudzipo anagwirizana chimodzi: Zakeyu anakhwimira mwana wake, ndipo mawu a mwanayo ndiwo ankayendetsa chigayo.

Mlongo wake wa Nasoko, a Gwaza, amene anali mwini mbumba, anaitana mkamwiniyo.

"Alamu, ufa wanu ndi woyera, koma ife kuno sitidya ana. Mubweze mawu a mwana wathu tisanakolole. Zikakanika, mupinde mphasa yanu, mubwerere kwanu nokha."

Zakeyu analumbira mpaka kugwetsa misozi, koma panalibe womumvera.

Woyamba kulowererapo anali Nachanza, wogulitsa tomato pamsika. Tsiku lina anaona Nasoko akukoka mwana amene ankakuwa pakati pa chikhamu cha anthu.

"Anzanga, musamukoke choncho," anatero. "Wanga anali chimodzimodzi, chonsecho mwamuna wanga alibe chigayo, alibe ndi wilibala yomwe."

Nasoko anachita manyazi n'kuchokapo. Nachanza anafunsira njira, nayenda wapansi kukamupeza kwawo. Ulendo woyamba Nasoko anam'tsekera chitseko, wachiwiri anam'patsa mpando koma osamuyankha. Ulendo wachitatu Nachanza anabereka yekha Mwandida kumbuyo, napita nawo kuchipatala cha kuboma, kumene makolo a ana otere ankakumana mwezi ndi mwezi.

Wachiwiri anali Mayi Chilinda, mlangizi wa makolowo. Iwo anakhala ndi mwanayo m'mawa wonse, kenako anati kwa Nasoko, "Achipatala vutoli timalitcha otizimu. Mwana amabadwa nalo. Simunalakwe inu, sanalakwenso amuna anu. Phokoso limene ife sitilisamala, iye limamupweteka." Nasoko analira, nawauza za mawu a mlongo wake. Mayi Chilinda anakwera njinga mpaka kumudziko, nakhala pansi pamaso pa mbumba yonse.

"Kodi ndi chigayo chokha chimene chimamuliza?" anafunsa.

"Ayi," anayankha Nasoko. "Ng'oma za kutchalitchi, njinga yamoto, ngakhale mvula ikamagwa pa malata."

"Ndiye tinene kuti alamu anuwa anakhwimiranso mvula, a Gwaza?"

Anthu anaseka, koma a Gwaza sanaseke. "Pakamwa mumatha, mayi. Komabe ine ndinanena kale: pokolola ndione kusintha."

Mayi Chilinda anasiya malangizo. Mwana azichenjezedwa chigayo chisanalire, zochita za tsiku zizitsatana mofanana, ndipo popeza mawu sanabwere, aphunzitsidwe kupempha ndi zithunzi. Koma iwo ankakhala kutali. Nasoko anali atatheratu mphamvu, ndipo Zakeyu ankaopa kuyandikira mwana wake yemwe, kuti anthu angamunene.

Wachitatu anali Nangozo, telala wamasiye wa nyumba yoyandikana nawo. Iye dzina la vutolo sanalisunge n'komwe. Anangosoka chisoti chokhala ndi thonje m'mbali mwa makutu, nasokanso timapisi ta nsalu tokhala ndi zithunzi: kapu, mbale, chimbudzi. Tsiku lililonse ankasiya makina ake n'kukhala pansi pafupi ndi Mwandida, osamukhudza mpaka mwanayo atafuna. Chisoticho chinaponyedwa m'matope kangapo. Kawiri Mwandida anamuluma dzanja.

"Asisi, lekani, akupwetekani," ankatero Nasoko.

"Mano ali nawo abwino," ankayankha Nangozo. "Ndinamufulumiza ndine. Tiyambiranso mawa."

Anachita zimenezi miyezi isanu.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, a Gwaza anabwera kudzagamula mlandu. Chigayo chinali kulira. Ali mkati molankhula, Mwandida anatuluka m'nyumba atavala chisoti chake, anadutsa anthu onse, naika kansalu ka kapu m'dzanja la bambo ake. Zakeyu anakatunga madzi, nam'patsa. Mwanayo anamwa atatsamira mwendo wawo, chigayo chikulirabe.

A Gwaza anatembenukira kwa Zakeyu.

"Alamu, mwanayu sakukuopani. Mawu anga aja ndabweza. Mawa ndibweretsa chimanga changa, mundigayire."

Banja linapulumuka. Mwandida anakula, anaphunzira mawu ochepa koma omveka, ndipo ankathandiza kusankha mbewu mosamala kuposa wina aliyense pamudzipo.

Atatha msinkhu, panafunika phungu, ndiye kuti mayi woima pambali pa namwali pa chilangizo, amenenso namwaliyo amam'thamangira moyo wake wonse. Phungu amakhala mmodzi, ndipo kwa Mwandida, amene ankasokonezeka anthu akamulankhula ambiri, lamulo limeneli silikanatha kuphwanyidwa. Amayi atatu aja anaufuna udindowu, aliyense ndi mtima wonse.

Nachanza anati, "Ndikanangosamala tomato wanga tsiku lija, nonsenu simukanam'dziwa."

Mayi Chilinda anati, "Mukanafika naye kuti, pakanapanda wonena chimene chinkamuvuta?"

Nangozo anangopinda mkono wa bulauzi n'kuonetsa zipsera.

Nasoko anati, "Tisamulankhulire ngati palibe. Tim'funse mwini wake." Anam'funsa modekha, mobwereza. Mwandida anawayang'ana m'mapazi, monga ankachitira ndi anthu amene ankawakonda, natchula mayina onse atatu, kuyambira wamfupi kulekezera wamtali. Atam'funsanso mawa lake, anayankha chimodzimodzi.

Chilangizo chinali Loweruka, ndipo Lachinayi linafika mphasa ya phungu ilibe mwini. Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, mukanakhala Nasoko ndi Zakeyu, mukanam'pereka Mwandida m'manja mwa yani: amene anam'peza, amene anam'mvetsa, kapena amene anapirira naye?