Kabokosi Koyera ka a Rodwell

A Rodwell, wachiwiri kwa manijala pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, anali munthu wabwino, koma wosakonda kufunsa. Ankati mwamuna wofunsa njira ndiye kuti sukulu inamupita pambali.

M'chaka cha 2008 nyumba yawo inali ndi intaneti yodzera pa waya wa telefoni, kudzera m'kabokosi kakuda kotchedwa modemu. Kanali konyansa ndithu, kothimbirira ndi fumbi, koma kankagwira ntchito. Mkazi wawo Keziya ankakadalira polankhula ndi mchimwene wake Eliya, yemwe anali ku Joni ndipo anali atangobereka mwana wamwamuna.

Bambo ake a Keziya, a Fackson a ku Khonjeni, maso anali kuwathera ndi matenda a shuga. Pempho lawo linali limodzi: aone nkhope ya mdzukuluyo kuwala kusanazime. Anapangana kuti abwera Lamlungu, Eliya adzaonetse khandalo pa kompyuta.

Lachisanu a Rodwell anapita ku Limbe atanyamula modemu ija, kuti akapeze ina yooneka bwino. M'sitolo ina anaona kabokosi ka intaneti kotchedwa rauta, koyera mbee, ka tinyanga tiwiri, ndipo mtima unadumpha. Anasiya modemu ija komweko ngati msintho, nabwera ndi katundu wawo watsopano dzuwa likupendeka.

"Bambo a Joy, kakuda kaja kali kuti?" anafunsa Keziya. "Bwanji osayamba mwafunsa Eliya?"

"Tsobola wakale sawawa, mayi. Aka kamachita zonse."

Dzuwa linalowa, Sabata linayamba, ndipo pabanja la Chiadiventi palibe amene akanagwira mawaya. Kabokosi kanagona m'katoni mwake.

Lamlungu a Fackson anafika pa kabaza, atavala jekete lawo la kutchalitchi, ati mdzukulu asawaone ngati munthu wamba. Anakhala pafupi ndi kompyuta, chipewa pabondo. A Rodwell analumikiza rauta ija, timagetsi tinayaka bwinobwino, koma waya wa telefoni unasowa polowa. Anayesa uku, anayesa uku, thukuta lili kamukamu. Pomaliza anaimbira Eliya.

"Alamu, mwataya modemu?" anatero Eliya. "Rauta ya mtundu umenewo ili ngati makapu. Imagawa tiyi, koma sithyola masamba. Chobweretsa intaneti m'nyumba ndi kakuda kaja."

Sitolo ya ku Limbe inali yotseka Lamlungu. Lolemba a Rodwell anakapeza modemu itagulidwa kale, ndipo ina anauzidwa kuti aidikire. A Fackson sanadandaule. Anangoti, "Musavutike, apongozi, ndidzabweranso," nabwerera kukapalira chimanga chawo.

Mvula inakula, msewu wa ku Khonjeni unaonongeka, mkuluyo anadwalanso. Pamene ankabweranso, modemu yatsopano ili pambali pa rauta, maso awo anali atazimiratu, moti anachita kuwagwira dzanja powatsitsa pa galimoto.

Khanda linaoneka pa kompyuta likuseka. A Fackson anatambasula dzanja, nasisita galasi lozizira lija.

"Keziya, mwana wanga, tandiuza. Wafanana ndi ndani?"

"Ndi inuyo, ababa," anayankha Keziya, misozi ili mbwembwembwe.

A Rodwell anatuluka panja, nakaima moyang'ana minda ya tiyi. Palibe anawadzudzula, ndipo chimenecho ndicho chinawapweteka koposa. Funso limodzi la Lachisanu lija likanakwanira, koma akuluakulu ananena kale kuti safunsa anadya phula.